Ndinagawa Malo a Eni Ake ndi Cholembera

Kuno ku Matete, m'tauni ya Karonga, kuli anthu amene mpaka lero akandiona ndikutulutsa cholembera m'thumba amasendera kumbuyo pang'ono. Sindiwaimba mlandu. Ndiyambe ndi kuvomera chinthu chimene chimaipitsa nkhani yonseyi: ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, wa pepala lake, osati wogwirizira.

Ndinabwera kuno pa transifa kuchokera ku Ntcheu zaka zinayi zapitazo. Matete ndi dera la nyumba zokhalamo, kuseri kwa tauni kumene tala amathera. Amene simunafikeko ganizirani nyumba za njerwa zowotcha, zina za matailosi mpaka kubafa, koma ng'ombe zikudutsa pakati pake ngati nazonso zimalipira lendi. Nyumba zambiri zinamangidwa nthawi imene mgodi wa ku Kayelekera unali pamoto, eni malo akupikisana kumangira alendo a m'thumba molemera. Mgodi utatsekedwa alendowo anapita, nyumba zinatsala zopanda anthu, ndiye tinalowamo ife: aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi makalaliki a ku boma. Ineyo ndimakhala m'nyumba imene anamangira injiniya. Pakhoma pali bowo loikapo makina oziziritsa mpweya, ndipo ndinatsekapo ndi kalendala.

Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti ku Matete ambiri ndife obwera. Amene anaona derali likuyamba ndi owerengeka. Ena anamwalira, ena anagulitsa malo n'kubwerera kwawo ku Mlare ndi ku Mwenilondo.

Chaka chatha anthu a m'dera tinaumba njerwa n'kumanga kanyumba ka sikelo ya ana (ndikuti "tinaumba," koma ine ndinapitako tsiku limodzi, ndinanyamula njerwa zisanu ndi imodzi, kenako ndinakumbukira kuti ndili ndi makope oti ndichonge). Tcheya wa komiti yathu ndi a Sisitala Kachingwe, namwino wopuma pantchito wa ku Thyolo, mayi wosataya mawu. Pamsonkhano ananena kuti tsiku lotsegulira kudzabwera alendo ochokera ku khonsolo, ndipo zingakhale bwino wina atadzafotokoza mmene dera lathu linayambira.

"Mawu awiri atatu basi," anatero akundiyang'ana. "Mphindi zisanu, aphunzitsi. Kukutentha."

Ndinavomera modzichepetsa, koma m'mutu mwanga buku linali litayamba kale, la chikuto cholimba, dzina langa lili pamwamba.

Mawa lake ndinagula kope latsopano. Sindinavutike kufunafuna wondiuza za kale, chifukwa anabwera yekha pakhomo atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Anali a Mwakibinga, bambo wachikulire, mwini nyumba zitatu za lendi ndi ng'ombe zambiri mwa zija zodutsa pakati pa nyumba.

"Mwaghona, a Profesa," anandilonjera m'Chinkhonde.

"Ine si profesa, bambo," ndinatero, koma ndi mawu ofooka, ngati munthu amene akukana nyama yachiwiri.

"Mwa ife ndinu profesa. Ndamva mukulemba mbiri ya Matete. Sawa, chabwino. Mbiriyo ndine. Mubwere Loweruka, ndikupatseni yonse."

Ana anga a Fomu 1 ndimawaphunzitsa temu yoyamba yeniyeniyo kuti wolemba mbiri samvera munthu mmodzi. Ndimawauza kuti afunse uyu, afunse uyo, kenako ayerekeze. Amene wayiwala mfundo imeneyi pamayeso ndimamudula malikisi awiri popanda chisoni. Mfundoyo ndinaisiya kusukulu Lachisanu pamodzi ndi choko.

Loweruka ndinapeza tebulo litayalidwa kale. Panali mbalagha, nthochi zija amaphika ndi nyama ya ng'ombe mpaka msuzi kulowerera. Ife a ku Ntcheu tinakula tikudziwa kuti nthochi ndi chipatso chodya ukudikira minibasi. Sindinkadziwa kuti nthochi ikhoza kumugoneka munthu wamkulu pampando manja ali lende. Nditamaliza mbale yachiwiri, a Mwakibinga anayamba, ine ndikulemba.

Anati iwo anafika kuno ali mnyamata ndi ng'ombe za bambo awo, kuli bango lokhalokha, ndipo ndiwo anatcha malowa kuti Matete, kutanthauza bangolo. Chitsime choyamba anakumba ndi iwo. Msewu analambula ndi iwo. Chaka cha zivomezi, nyumba zikugwa, anthu akuopa kugona m'kati mwa njerwa, ndi iwo anagawira anthu malo omangapo zisakasa. Nditafunsa ngati panali wina amene anachitapo kanthu, anaganiza kwa nthawi ndithu, kenako anati analipo, koma ankangothandizira.

Ndinapitako ma Loweruka atatu. Lachitatulo anatenga ndodo yawo n'kundiyendetsa m'dera lonse akuloza malire. Titafika m'mbali mwa msewu, pamene pali munda wa nthochi wokongola kuposa yonse ku Matete, anaima n'kuzika ndodo pansi.

"Apa panali khola langa la ng'ombe. N'chifukwa chake nthochi zikubereka chonchi. Ndowe zanga zimenezo."

"Nanga si nthochi za a Nyakaira izi?" ndinafunsa.

"Nthochi n'zawo, eya. Dothi ndi langa. Chivomezi chitachitika mayiyu analibe pogwira, ndiye ndinati, bzalanipo nthochi muzidya. Chifundo, a Profesa. Mulembe bwino pamenepo, chifundo."

"Sipanakhalepo nyumba?"

"Nyumba? Ng'ombe zokhazokha."

A Nyakaira amenewa ndi mayi wamasiye wokalamba amene amakhala m'kanyumba kakang'ono kuseri kwa nthochizo, ndipo amagulitsa nthochi pa kabenchi m'mbali mwa msewu. Mundawo ndiwo umawadyetsa, iwo ndi zidzukulu ziwiri. Nthawi imene ndinkalemba mawu oti "chifundo" n'kuwadula mzere kunsi, iwo anali pa kabenchi kawo, masitepe asanu kuchokera pamene ndinaima. Ndinawapatsa moni. Anayankha kuti, "Yewo, asambizgi," kutanthauza zikomo aphunzitsi, akuyang'ana kope langa. Ndinatembenuka n'kupitiriza kulemba.

Kunyumba, mayi a ana anga anawerenga kope lija akudikira madzi a tiyi kuti awire.

"A Nyakaira mwawafunsa?"

"Ndiwafunse chiyani? Mtengo wa nthochi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutseka kope.

"Chabwino. Ophunzira ndinu."

Mwamuna aliyense amene wakhala m'banja zaka khumi amadziwa kuti mawu amenewa si chiyamikiro. Ine ndinawalandira ngati chiyamikiro.

Apa ndi pamene ndinayamba kudziwonjezera ntchito imene palibe anandituma. Mawu awiri atatu aja anakhala masamba asanu ndi limodzi otayipa. Nditaona kuti masamba opanda chithunzi saoneka aulemu, ndinajambula mapu a dera lonse, okhala ndi kamuvi koloza kumpoto. Malo a a Mwakibinga ndinawadula timizere topingasa kuti aoneke bwino, ndipo timizereto tinadutsa pa nthochi za a Nyakaira mpaka kukafika pamsewu. Pakati pake ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti KHOLA LAKALE LA A MWAKIBINGA. Ndinagwiritsa ntchito rula, moti mizere inali yowongoka kwambiri.

Chinatsala n'chimodzi. Lolemba ndinalowa mu ofesi ya ahedi iwo atapita ku msonkhano, ndinaona chidindo cha sukulu chili patebulo, ndipo ndinadinda tsamba lomaliza, pansi pa mapu penipeni. Sindinkafuna kunamiza munthu. Ndinkangoona kuti pepala lokhala ndi chidindo limaoneka lokhwima (amene munagwirapo ntchito m'boma mukundimvetsa, ngakhale simungavomere pagulu). Kenako ndinapita kutauni n'kukapangitsa makope makumi anayi.

Tsiku lotsegulira sikelo linafika. Amayi anakhala pamikeka, abambo pamabenchi a kutchalitchi, alendo a ku khonsolo pamipando ya pulasitiki. Ndinagawa mapepala anga ndi manja awiri ngati satifiketi. Mphindi zisanu zija zinakwana makumi anayi. Mlendo wolemekezeka anagona pa tsamba lachiwiri, n'kudzuka pa lachisanu kuti aombe m'manja, poganiza kuti ndamaliza.

Nditafika pa ndime ya khola ndi chifundo, ndinaona amayi achikulire awiri atatu asiya kudzikupiza ndi mapepala anga. Panakhala bata lina losiyana ndi la tulo. Ine ndinaganiza kuti ndawafika pamtima. A Mwakibinga anaimirira okha n'kuomba m'manja mokweza, akuthokoza m'Chinkhonde kuti, "Ndaga, a Profesa, ndaga." A Nyakaira nawonso anaimirira, anakutumula chitenje chawo, n'kunyamuka osadikira chindongwa, thobwa la kuno, limene iwo omwe anathandiza kuphika.

Mwambo utatha a Sisitala Kachingwe anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, zimenezi mwazitenga kuti?"

"Kafukufuku, a Sisitala."

"Oho," anatero, n'kupita kukasonkhanitsa makapu.

Panapita masabata awiri ndikuyenda mapewa ali m'mwamba. Ndinali nditayamba kuganiza zotumiza kope limodzi ku nyumba yosungirako zinthu zakale. Ndiye tsiku lina m'mawa, ndikupita kusukulu, ndinapeza zikhomo zitakhomedwa kuzungulira nthochi za a Nyakaira, chingwe chitamangidwa, aganyu awiri atagwetsa kale mitengo inayi ya nthochi, ina ili ndi mikoko yosakhwima. Pamsewu panaima galimoto ya wamalonda wina amene ankafuna pomanga sitolo ya simenti ndi malata. A Mwakibinga anali atayala pepala pa boneti akumulozera ndi chala. Ndinalizindikira ndili patali chifukwa cha kamuvi koloza kumpoto.

A Nyakaira anali chiimire pakati pa nthochi zogwazo, atagwira tsamba limodzi m'manja.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinathamangira pomwepo n'kukhadzula pepalalo. Zoona zake n'zakuti ndinayang'ana wotchi, ndinaona kuti piriyodi yoyamba yatsala pang'ono, ndipo ndinadzera njira ya kuseri kwa chigayo.

Masana ndinapeza mayi a kunyumba atakhala pakhonde, ndowa ili pambali.

"Lero ku mjigo ndinafika woyamba," anatero, "koma ndatunga womaliza. Palibe amene wandinyoza. Amangoika ndowa zawo patsogolo pa yanga, n'kumandipatsa moni bwinobwino."

A Sisitala anaimitsa aganyu aja tsiku lomwelo, n'kuitanitsa msonkhano wa dera Loweruka. Kanyumba ka sikelo kamene tinamangira ana kanayamba ntchito ndi mlandu wa akuluakulu. Anthu anadzaza mpaka panja. Ine ndinavala shati yoyera ndi tayi, poganiza kuti mboni yooneka bwino imamveka bwino.

A Mwakibinga analankhula koyamba, mofatsa ngati m'busa.

"Ine sindikukangana ndi munthu. Si ine ndalemba izi. Alemba ndi a Profesa, munthu wa boma, wophunzira za kale. Onani chidindo. Linawerengedwa pamaso pa a khonsolo, palibe anatsutsa. Tsopano ine ndikafuna dothi langa ndalakwa?"

A Sisitala anafunsa ngati panali wina wakale amene angaikire umboni. Anaimirira mkulu wina amene kale anali msodzi, n'kunena kuti iye akukumbukira ngati pamalopo panali nyumba ya malata. Atamufunsa ngati akutsimikiza, anayang'ana pepala limene linali m'manja mwa a Mwakibinga, n'kunena kuti, "Kweni apo pali chidindo. Ine ndine ndani?" Anakhala pansi. Apo ndinaona kuti munthu amene anaona ndi maso ake wagonja kwa ine amene ndinaona ndi mimba.

Kenako anaitana ine.

"Aphunzitsi, munafunsa anthu angati?" anatero a Sisitala.

"Polemba mbiri, a Sisitala, pali njira zingapo zimene..."

"Angati?"

"Mmodzi."

"Ndani?"

Ndinaloza a Mwakibinga ndi mutu.

"Munakumana kangati?"

"Katatu."

"Kuti?"

"Kunyumba kwawo."

"Pati penipeni?"

"Patebulo," ndinatero.

Kuseka kunayambira kumbuyo kwa amayi n'kufalikira mpaka panja. Wina anafunsa m'Chitumbuka ngati panali nyama, wina anamuyankha kuti ayang'ane lamba wanga. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, katatu konse, koma phulalo ndinadyabe.

"Nanga chidindochi ahedi anu akuchidziwa?"

Ndinayankha kuti ahedi anali ku msonkhano. A Sisitala analemba kanthu m'kope lawo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti analemba chiyani.

Komabe kundiseka ine sikunathetse mlandu. A Mwakibinga anati kudya si bodza, munthu akhoza kukhuta n'kulemba zoona. Anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti mwina angogawana mundawo pakati. Apo ndi pamene a Sisitala anatembenukira kwa a Nyakaira, amene anali asanatsegule pakamwa chiyambire.

"Mama, inu mukuti bwanji?"

A Nyakaira anaimirira pang'onopang'ono.

"Ine mapepala nilije," anatero, kutanthauza kuti alibe. "Tiyeni kumunda."

Tinanyamuka tonse pamzere, dzuwa lili paliwombo. Titafika anazimirira kuseri kwa kanyumba kawo n'kubwera ndi khasu. Anadutsa aganyu, anadutsa abambo onse amphamvu amene anali pamenepo, n'kudzaima patsogolo pa ine.

"Asambizgi ndiwo alemba kuti ni khola. Akumbe okha, awone ndowe zawo." Analoza ndi phazi pakati pa mitengo iwiri ya nthochi. "Jimani apa."

Ndinali ndisanagwire khasu zaka khumi ndi zisanu. Ndinapinda manja a shati, ndinaponya tayi paphewa (kuivula kukanaoneka ngati ndavomera mlandu), n'kuyamba kukumba. Amene mumadziwa dzuwa la ku Karonga mwezi wa Okutobala simufunika kufotokozeredwa. Shati inamatirira kumsana. Matuza anatuluka ndisanafike paliponse. Anthu anazungulira n'kumandilangiza: wina akuti ndigwire mpini cha kumapeto, wina akuti ndikukumba ngati ndikufufuta pabolodi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati ndikulandireni.

A Mwakibinga anakhala pamthunzi, akuuza wamalonda uja kuti dothi lakuda limene linkatulukalo ndi ndowe zija.

Dzenje litatsala pang'ono kufika m'mawondo, khasu linalira ngati lamenya mwala, mpini n'kunjenjemera m'manja. Ndinamenyanso, linaliranso chimodzimodzi. A Nyakaira anandiuza kuti ndisiye kumenya, ndizipala cham'mbali. Ndinapala. Pansi panaoneka simenti yosalala, yong'aluka pakati, yokhala ndi utoto wofiira uja amapaka pansi m'nyumba. Anthu anasiya kulangiza.

"Pitirizani chauko," anatero. "Khomo linali uko."

Ndinakumba mkono wina umodzi. Iwo anagwada, n'kusesa dothi lotsala ndi manja. Pa sitepe ya pakhomo panali mawu olembedwa ndi msomali simenti ili yaiwisi: YOTAMU NA NYAKAIRA. Pambali pake panali kaphazi ka mwana, zala zonse zisanu zikuoneka.

"Yotamu ni afumu ŵane, malemu amuna anga," anafotokoza, akuyang'ana a Sisitala, osati ine. "Nyumba iyi tinamanga mgodi usanabwere, msewu uno uli kanjira ka ng'ombe. Phazi ili ndi la mwana wane woyamba. Adada ake anamukalipira tsiku lonse chifukwa choponda simenti. Chivomezi chinagwetsa makoma, njerwa tinamangira kanyumba kakuseri. Pambuyo pake madzi osefukira anabweretsa matope, anakwirira zonse. Ine ndinati zikhale, sindinkafuna kumaziona tsiku lililonse."

Wamalonda uja anatsanzika mwaulemu, n'kukwera galimoto yake. Aganyu anayamba kuzula zikhomo popanda wowauza.

A Mwakibinga anabwera, anasuzumira m'dzenje nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Ndiye kuti khola linali chauko pang'ono. Ukalamba, a Profesa, mutu umasokoneza. Koma inunso, munthu wophunzira, bwanji simunafufuze? Mwandichititsa manyazi pagulu."

Ndinali chiimire m'dzenje, thukuta likulowa m'maso, ndipo ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu oti pepani.

Anthu atabalalika ndinatsala ndikufuna pobwezera khasu. A Nyakaira analilandira, n'kundifunsa mosakwiya, ngati akufunsa nthawi.

"Asambizgi, imwe mumadutsa pano m'mawa na madzulo, zaka zitatu. Tsiku lija munaima apo, ine nili apa. Chifukwa uli simunandifunse?"

Ndinali ndi mayankho angapo aulemu. Ndikanatha kunena kuti nthawi inachepa, kapena kuti Chitumbuka changa n'chosakwanira. Koma yankho loona ndinkalidziwa, ndipo linandichititsa manyazi kuposa dzenje lija: sindinaganizepo kuti mayi wogulitsa nthochi pa kabenchi angakhale ndi mbiri. Ndinkaganiza kuti mbiri imavala jekete. Sindinanene zimenezi. Ndinangoti ndinalakwa, ndipo iwo anati, "Nadi," kutanthauza zoonadi, n'kulowa m'nyumba.

Komiti inagamula kuti malo ndi a a Nyakaira, a Mwakibinga abweze mbewu za nthochi zimene zinadulidwa, ndipo ine nditolere mapepala anga onse makumi anayi kuti awotchedwe. Ndinayenda khomo ndi khomo masiku asanu ndi anayi. Apa ndi pamene wolemba amadziwira mmene anthu amalemekezera ntchito yake. Makope ena anali atayatsira mbaula. Ena anakulungira mandazi ndi usipa. Wapolisi wina anali atapinda lake kanayi n'kuchirikizira mwendo wa tebulo. Mayi wina anandibwezera lake lili bwinobwino, n'kundiuza kuti sanaliwerenge chifukwa anamva kale zonse tsiku lija ndipo zinamukwana. Kuphatikiza otsala, opserera ndi amene eni ake analumbira kuti anathera kuchimbudzi, ndinakwanitsa makumi atatu ndi asanu ndi anayi.

La makumi anayi linali la a Mwakibinga. Anandilandira ndi chimwemwe, nandipatsa mpando.

"Pepala lija? Pole sana, pepani a Profesa, mwachedwa. Ndinakalimatitsa m'pulasitiki kutauni kuti lisanyowe, ndipo ndatumiza kwa mwana wanga ku Mzuzu alisunge. Chikumbutso basi. Si tsiku lililonse munthu amalembedwa m'mbiri."

Ndinawapempha kuti aliitanitse. Anati sawa, mwanayo akadzabwera pa Khirisimasi. Khirisimasi inadutsa, mwanayo anabwera, pepala analiiwala.

Ndinalemba mbiri ina yokonza, nditafunsa anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo msodzi uja ndi agogo ena amene ndinawalondola mpaka ku Mwenilondo pa njinga. Ahedi anaidinda okha nditawaululira zonse (zimene anandiuza tsiku limenelo si zolemba pano). A Sisitala anaikhoma pakhoma m'kanyumba ka sikelo. Ili pomwepo, pakati pa chithunzi cha kuyamwitsa ndi cha katemera, ndipo sindinaonepo munthu ataima kuti aiwerenge. Yoona ija ndi yosasangalatsa: ilibe munthu mmodzi amene anachita zonse.

Mwezi watha ndinapita kwa a Nyakaira kukawauza mmene zinthu zilili, kuti kope limodzi lakanika. Ndinapeza dzenje langa lija atalikwirira, ndipo pambali pake atabzala mbewu yatsopano ya nthochi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akukonza mapava pa kabenchi.

"Ndiye lili m'pulasitiki," anatero.

"Eya, mama. Koma komiti inagamula kale, ndipo anthu onse anaona."

"Amene anaona ŵakupita, asambizgi. Wapolisi uja wapita ku Salima. Anamwino awiri apita. A Sisitala ni ŵalala, okalamba ngati ine." Anatembenuza phava lina kuti mbali yabwino iyang'ane kumsewu. "Simenti yane ili pansi pa dothi. Pepala linu lili ku Mzuzu, chiswe sichingalidye. Ine nikadzapita, ŵazukulu ŵane akadzatsala okha, imwe mudzakhala muli kuno kuti mudzakumbenso?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Koma ife a boma timakhala pamene kalata yatisiya mpaka kalata ina itatitenga, ndipo iwo aona aphunzitsi ambiri akutsitsa katundu m'lole ndi kumukwezanso. Ndinangogula phava limodzi, iwo anandisankhira lakupsa bwino, ndipo ndinabwerera kunyumba.

Mawa lake ndinapita kumsika n'kukagula khasu langalanga, la mpini wolimba. Lili kuseri kwa chitseko. Mayi a kunyumba analiyang'ana, analinyamula kuyesa kulemera kwake, n'kunena kuti ndagula labwino, lidzatithandiza kulima mbatata tikadzabwerera kwathu.